Ndinkakalipira laputopu, mawu anga ankagwera mlongo wanga

Dzina la mlongo wanga sinditchula, ndipo zina zokhudza moyo wake ndazisintha dala. Iye wawerenga zonsezi zisanatuluke. Wachotsamo ziganizo ziwiri, zotsalazi wavomera.

Mu 2017 ndinkakhala ku Blantyre m'kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri. Mlongo wangayo, mzime m'banja mwathu, anabwera kuchokera kwathu ku Mulanje kudzakhala nane pamene ankachita maphunziro ake. Amene munali m'tauni chaka chimenecho mukukumbukira mmene magetsi ankavutira. Ankazima m'bandakucha n'kudzayaka tonse titagona. Laputopu ndinkatchajira kuntchito, ndipo batire yake inkakwana magawo awiri a filimu basi. Tikadya nsima, tinkaiika pa mpando, ife pa mphasa, kandulo pambali.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiikira pa fulashi series yotchedwa True Blood. Anangoti, "Ndi ya opopa magazi, koma muli zolaula zambiri, usaonere ndi ana." Ndinaona kuti mnyamata wa zaka 21 si mwana. Apa ndinalakwitsa pang'ono, chifukwa zolaulazo n'zosaonera limodzi munthu ndi mlongo wake. Zikayamba ndinkathamangitsa, tonse maso kudenga ngati tikuwerenga malata.

Kwa amene simunaionere: inapangidwa ndi HBO ku America, inayamba mu 2008 n'kutha mu 2014, masizoni 7, magawo 80. Anaiyambitsa ndi Alan Ball kuchokera m'mabuku a Charlaine Harris. Nkhani yake ndi yakuti asayansi a ku Japan apanga magazi a m'botolo, ndiye mavampaya, akufa oyenda usiku amene amakhalira magazi a anthu, alengeza poyera kuti alipo ndithu ndipo akufuna kukhala ngati nzika zina zonse. Akufuna ufulu wokwatira, wokhala ndi katundu, wolowa m'bala n'kuitanitsa botolo lawo. Zambiri zimachitikira m'katauni kopeka ka Bon Temps ku Louisiana. Pali mpingo wodana nawo wotchedwa Fellowship of the Sun, ndipo pa TV andale amangokhalira kukangana za iwo.

Ine ndinkaionera ngati filimu ya mizukwa basi. Mlongo wanga ndi amene anaimitsa filimu tsiku lina nyimbo yoyambira ili mkati, n'kundilozera chikwangwani chimene chimadutsa mwachangu, cholembedwa kuti God Hates Fangs, kutanthauza kuti Mulungu amadana ndi mano osongoka aja. Anati ndichotse chilembo chimodzi, N, ndiwerengenso. Akutsala ndi mawu achipongwe amene mpingo wa Westboro Baptist wa ku Kansas umanyamula pa zikwangwani ponyoza amuna okondana okhaokha. Anandiuzanso kuti pa Chingerezi, munthu wotere akaulula poyera amati watuluka m'kabati, ndipo m'filimuyi amati mavampaya atuluka m'bokosi la maliro. Ndinamufunsa kuti zimenezi amazidziwira kuti. Anati, "Pa intaneti, achemwali." Nkhani inathera pomwepo, ine osaganiza kanthu.

Tinali ndi kagulu ka pa WhatsApp ka anthu asanu ndi mmodzi, ogawana mafilimu, ndipo True Blood inatikanganitsa kuposa ina iliyonse. Wina ankati azungu atipezera njira yotilowetsera za mathanyula kudzera m'mizukwa, ndipo anasiyira pa sizoni yoyamba. Wina ankati iye za ma gay sizimukhudza, bola magazi azitayika, koma zikafika za amuna kupsopsonana amathamangitsa. Munthu yemweyo ankaonera mutu ukudulidwa akudya tchipisi, koma pa nthawiyo sindinaone chodabwitsa, chifukwa nanenso ndinkachita chimodzimodzi. Mayi wina wachikulire, wopemphera kutiposa tonse, ankangoti filimu yonse ndi ya satana koma sanaphonye gawo ngakhale limodzi. Ine ndinali pakati: ndinkaikonda filimuyo, ndipo ndinkalipira msonkho wa chikumbumtima potukwana laputopu mokweza.

Ndiyenera kunena zimene ndinkalankhula, apo ayi nkhaniyi ilibe ntchito. M'filimuyi muli Lafayette, wophika pa bala ya Merlotte's. Si vampaya, ndi munthu ngati inu ndi ine, mwamuna wakuda wovala ndolo ndi duku, wodzola m'maso, amene amakonda amuna anzake ndipo sabisa. Akaoneka ndinkati, "Wayambanso uyu." Ndinkati, "Akanakhala wa kwathu bwenzi atamuwongola." Tsiku lina ndinati, "Mayi wake anabereka chiyani koma." Mlongo wanga sankayankha. Ndinkaganiza kuti akugwirizana nane, poti kwathu wamng'ono satsutsa wamkulu.

Pali malo ena mu sizoni yoyamba pamene amuna oledzera abweza burger ponena kuti mwina ili ndi Edzi chifukwa waphika ndi Lafayette. Iye amvera kukhitchini, avula ndolo zake mwapang'onopang'ono, anyamula mbale ija yekha n'kupita nayo pa tebulo lawo, ndipo zimene zinachitika pamenepo amuna aja sakanazikamba kunyumba. Mlongo wanga anabweza malo amenewo katatu, batire ikutha. Ndinaseka nanenso, chifukwa ngakhale ine ndinaona kuti anthu aja anaputa dala. Koma kuseka kwake kunali kwina. Ankaseka ngati munthu amene wabwezeredwa ngongole yakale.

Mu sizoni yomweyo anyamata a m'tauni awotcha nyumba masana, mavampaya atatu akugona mkati. Atatuwo analidi oipa, ndipo ine ndinaombera m'manja. "Eya, awotcheni!" Moto utazima mupezeka mitembo inayi, ndipo wachinayi ndi wa mnyamata wamba amene ankangocheza nawo. Izi ndinaziona koma sizinandilowe.

Titafika sizoni yachitatu tinakangana koyamba. Muli Russell Edgington, mfumu ya mavampaya a ku Mississippi, wa zaka pafupifupi 3,000, amene wakhala ndi mwamuna wake Talbot kwa zaka 700. Talbot ataphedwa, Russell apenga. Atolera zotsalira za wokondedwa wake m'chigulumu cha galasi n'kumayenda nazo akuzilankhula, kenako alowa pa TV nkhani zili mkati n'kumuzula wowerenga nkhani fupa la msana dziko lonse likuona. Ine ndinati, "Waona? Ngakhale eni filimu akudziwa kuti anthu amenewa ndi zilombo."

Mlongo wanga anaimitsa filimu. Analankhula mwaulemu, maso ali pansi, koma mawu ake ankanjenjemera. Anati Alan Ball mwiniwakeyo ndi gay. Anati ngakhale pakati pa anthu otere amene anaonera filimuyi maganizo sali amodzi. Ena imawanyansa, chifukwa mavampaya amaphadi anthu, ndiye amene amawaopa ali ndi chifukwa chomveka, ndipo ukawayerekezera ndi munthu amene sanapwetekepo aliyense wamunamizira, ngakhale utakhala kuti umafuna kumuikira kumbuyo. Ena amamukonda Russell kwambiri, chifukwa anatopa ndi kuonetsedwa ngati anthu omvetsa chisoni kapena oseketsa, ndipo pano pali wamphamvu woopedwa amene akulira maliro a mwamuna wake ngati wamasiye wina aliyense. Enanso amadandaula kuti m'mafilimu oterewa okondana amuna kapena akazi okhaokha sakhalitsa, mmodzi amafa basi. Anandiuza kuti kuyambira 1934 mpaka m'ma 1960 ku Hollywood kunali malamulo oletsa kuonetsa anthu otere poyera, ndiye olemba ankawabisa m'zilombo ndi m'zigawenga, monga m'filimu ya 1936 ya mwana wamkazi wa Dracula, ndipo chizolowezicho chinatsalira malamulowo atatha.

Ndinamuyang'ana n'kunena kuti, "Iwe sukulu yako ndi ya zimenezi?" Anayatsanso filimu.

Mu Julayi 2017 Nelsan Ellis, amene ankasewera Lafayette, anali atamwalira ali ndi zaka 39. Tsiku limene nkhaniyo inamveka ndinapeza mlongo wanga atakhala pakhonde maso ali psuu, nsima osaigwira. Ndinamuseka kuti akulira mzungu wosamudziwa. Anangoti, "Sanali mzungu." Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti m'mabuku Lafayette amaphedwa kumayambiriro kwa buku lachiwiri, koma opanga filimu anamusiya wamoyo mpaka gawo lomaliza chifukwa cha mmene Ellis ankamusewerera.

Kenako kunabwera Seputembala. Amayi anaimba foni kuchokera kumudzi kunena kuti kwabwera anamapopa. Anthu asiya kugona m'nyumba, akugona panja m'magulu, anyamata akuchezera ndi zibonga, kukangomveka kaphokoso zitini zikulira mudzi wonse. M'Malawi muno mphekesera inayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Nsanje. M'misewu munaikidwa zipika, galimoto yachilendo inkaimitsidwa n'kusechedwa. Azaumoyo ankaopa kuyenda ndi zida zawo za ntchito. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mu Okutobala zinafika mu Blantyre momwe, munthu kugendedwa, wina kuwotchedwa. Anthu osachepera 9 anaphedwa, ndipo apolisi anagwira anthu oposa 100. Mwa onse amene anaphedwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi magazi a munthu. Anali alendo, odwala, anthu osochera, anthu amene anayankha funso mochedwa.

Si koyamba. Mu 2002 zinachitikanso, ndili mtsikana, ndipo ndikukumbukira kugona pa bwalo la sukulu titafunda chitenje chimodzi atatu. Ndiye mantha a amayi sindinkawaseka. Mantha amenewo ndi enieni ngakhale chimene ukuopacho kulibe.

Filimu ija tinaisiya. Sizinkatheka kuonera opopa magazi a masewera pamene kunja anthu akufa ndi dzina lomwelo. Usiku wina zithunzi za munthu wowotchedwa zinafika pa kagulu kathu ka WhatsApp, ndipo amene anazitumiza ndi yemwe uja ankathamangitsa zopsopsonana. Ndinaika foni pansi, mtima ukuchita nseru, n'kunena kuti, "Anthu angawotche bwanji munthu mnzawo chifukwa cha mphekesera?" Mlongo wanga anali akutsuka mbale. Osatembenuka anati, "Paja inu munati awotcheni."

Ndinakwiya. Ndinati ija inali filimu. Anavomera kuti inali filimu. Kenako anandifunsa ngati ndikukumbukira amene ankapha akazi mu sizoni yoyamba. Amene simunaonere mundikhululukire, ndiulula. Tauni yonse inkaloza mavampaya, koma wakupha anali René, munthu wamba, wansangala, wogwira ntchito ya m'misewu, wotomera mkazi wa ana awiri. Ankapha akazi amene ankayenda ndi mavampaya. Ndinati ndikukumbukira. Anati, "Nanga woyamba kumupha anali ndani?" Ndinakhala chete, chifukwa yankho ndinkalidziwa. Anali mlongo wake wa bere limodzi.

Sanandiuze usiku umenewo. Anandiuza mu Disembala, tili pa depoti kudikira minibasi ya ku Mulanje, pa malo aphokoso pamene sindikanatha kukuwa. Chikwama chake chinali cholemera kuposa cha munthu wopita ku Khirisimasi, ndipo pambuyo pake anandiuza kuti analongedza zonse, masatifiketi omwe, poganiza kuti mwina sadzaloledwanso kulowa m'nyumba mwanga. Anati, "Achemwali, zimene munkanena za Lafayette zija munkanena ine."

Apa ndi pamene ndingathandizepo wina, chifukwa zina ndinazichita bwino mwangozi, zina ndinazilakwitsa.

Chimene ndinachita bwino ndi chimodzi: sindinalankhule msanga. Kukhosi kunali kutadzaza mavesi, mafunso ndi mkwiyo, koma minibasi inafika, ndinanyamula chikwama chake cholemeracho n'kumuuza kuti akwere. Tinakhala mpando umodzi mpaka pa Chitakale osalankhulana. Iye amati kunyamula chikwama kuja ndi kumene kunamuuza kuti sanatayidwe. Munthu akakuuzani nkhani yotere, tsiku limenelo sakufunsa maganizo anu pa za Baibulo kapena za chikhalidwe. Maganizo anuwo akuwadziwa kale, wakhala akuwamva pa mphasa miyezi yonseyi. Akufuna kudziwa ngati mawa adzadya pakhomo panu.

Zolakwitsa ndi zambiri. Ndinamufunsa ngati pali amene anamuchita chipongwe ali mwana. Palibe, ndipo funsolo linamupweteka, chifukwa linkatanthauza kuti ndikufufuza pamene anawonongekera. Ndinamufunsa ngati ndi mafilimu amene anamuphunzitsa. Anaseka mowawa n'kundikumbutsa kuti kumudzi kwathu kunalibe magetsi, ndipo iye anadzidziwa ali Sitandade 7 asanaonepo laputopu. Choipitsitsa, ndinatsala pang'ono kuuza mnzanga wa ku kwaya kuti tizimupempherera limodzi. Ndinalemba uthengawo n'kuufufuta. Mukafuna kupemphera pempherani, koma nkhani ya mwini musaipereke kwa munthu wachitatu, ngakhale amayi anu, ngakhale abusa, mwiniwake asanalole. Kwathu kuno si nkhani ya manyazi chabe. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka zaka mpaka 14 m'ndende kwa amuna ogonana okhaokha. Tonse tikukumbukira awiri aja a chinkhoswe cha mu Disembala 2009 amene anagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010 asanakhululukidwe ndi Bingu wa Mutharika, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linasiya malamulo amenewo mmene alili. Kuwonjezera apo pali landilodi, abwana a kuntchito ndi anyamata a pa siteji. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo umenewu umatsata iye, inu muli phee.

Sindinama kuti mafunso anga onse anatha. Ndimapitabe ku tchalitchi chomwe chija, ndipo pali zinthu zimene ine ndi mlongo wanga timaziona mosiyana mpaka lero. Chimene chinatheratu ndi mawu akuti chilombo. Amenewo sindingawanenenso za munthu, chifukwa ndinaona ndi maso anga mu 2017 chimene chimatsatira dzina lotere likamata pa munthu.

Filimu tinaimaliza chaka chotsatira. Mu sizoni yachinayi Lafayette ataya chibwenzi chake Jesús, namwino amene ankasamalira mayi ake odwala misala, ndipo imfayo ibwera kudzera m'manja a Lafayette yemwe atalowedwa ndi mzimu wa mfiti. Mlongo wanga anangoti, "Ndinakuuzani, mmodzi amafa basi." Ulendo uno ndinalira ndine. Masizoni omaliza ndi ofooka, kunena zoona, nkhani imangobalalika, ndipo za matenda a Hep-V opha mavampaya, zimene aliyense angaone kuti zikulozera ku Edzi, anazigwira mwachibwana. Pa funso lija lakuti mavampaya akuimiradi ma gay kapena ayi, ine ndili kumbali ya amene amati fanizolo ndi lopunduka. Mwina ku Louisiana limamveka ngati nthabwala yanzeru. Kwa munthu wa ku Mulanje, kuyerekezera mbale wako ndi wopopa magazi si nthabwala. Amene anandigwira mtima m'filimu yonseyo si wa mano osongoka ayi, ndi wophika uja, munthu wamba wa ngongole ndi mayi wodwala, amene ndinkamutukwana usiku uliwonse.

Ngati mukufuna kuonera series yoopsa ndi a m'nyumba mwanu, yambani mwaionera nokha gawo limodzi kapena awiri, chifukwa za HBO sizibisa kanthu ndipo si za ana. Ndipo mukakhala pansi limodzi, dziwani kuti laputopu simva. Amene akumva ndi amene mwakhala naye pa mphasa.

Amayi sakudziwa mpaka pano, ndipo kuwauza ndi kwa iye. Khirisimasi yathayi tinali kumudzi, tikudya pansi pa mtengo wa mango, wailesi ikukamba za maukwati a amuna okhaokha. Amalume anatafuna nyama n'kunena kuti anthu amenewo ndi ongofunika kuthira petulo. Sindinadziwe kuti dzanja langa lapita kukhutu mpaka mlongo wanga atandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Achemwali, musavule ndolo."

Sindinavule. Ndinangoti, "Amalume, petulo tinamuona ntchito yake chaka cha anamapopa, ndipo amene anapsa sanali anamapopa." Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha mchere. Mlongo wanga ndi amene anawapatsira.